Kambale ka Pawindo

Aphunzitsi anu a sayansi analemba dzina la mwana wanga pa kambale ka tizilombo, n'kukaika pawindo la kalasi kuti aliyense aziona. Nkhani yake ndi imeneyo, a hedi. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye muwerenge mmene ndalemberamu.

Munatenga ana pa basi kukaona labu ya ku yunivesite. Ndinavomera. Ndinamusitira yunifolomu, ndinamuphikira dzira. Anabwerako akulongolola ngati wailesi. Akuti anawaveka majasi oyera ofika m'maondo, akuti muli mafiriji osasungamo chakudya, akuti anasuzumira m'makina n'kuona tizilombo tonga timpunga. Akutinso m'magazi mwathumu muli asilikali. Chimwalirireni bambo ake ndi chifuwa chachikulu, ndinali ndisanamumvepo akuyankhula choncho.

Kumeneko mayi wa mu labu anatulutsa timbale tokhala ndi zinthu zonga mafuta oundana. Anati ana ena asambe m'manja ndi sopo, mmodzi asasambe, onse adinde chala m'timbalemo kuti adzaone kusiyana kwake. Wosasambayo aphunzitsi anasankha wanga, poti ndi amene anamunyamulitsa jumbo ya zinyalala za m'basi. Mayi uja analemba manambala okhaokha pa timbale. Tizilombo titamera, aphunzitsi anakatenga timbaleto, tomatamata ndi selotepi. Atafika kusukulu anafufuta manambala n'kulembapo mayina, ati aliyense adziwe kake.

Ta anzake tinali ndi timadontho tiwiri titatu. Ka mwana wanga kanadzaza: zachikasu, zoyera, zina zaubweya ngati buledi wochita chuku.

Tsiku lomwelo anamupatsa dzina. "Nachuku, usakhudze cholembera changa." "Nachuku, khala uko, tikudya." Wina wapakamwa anafunsa kuti, "Si timeneti tinapha adadi ako?" Kalasi yonse inaseka.

Ine ndimachapira anthu zovala, ndiye mankhwala oyeretsera sasowa pakhomo. Ndinangoona botolo likutha msanga. Mwanayo ndinamupeza kuseri kwa nyumba ataviika manja m'beseni, mankhwala osasungunula ndi madzi. Zala zinali zitang'ambika m'mfundo. Mng'ono wake samunyamulanso. Chakudya amadya ndi supuni, payekha, atatifulatira, ndipo masiku ano akungochisiya.

"Iwe, ukufuna manja atsale mafupa?"

"Amayi, adadi ndinkawamwetsa madzi ndine. Ndi manja omwewa."



Ndinapita kwa aphunzitsiwo. Ndinawapeza akudya mtedza pakhomo la stafu, choko chili mbuu m'zala.

"Mayi, imeneyi ndi sayansi basi. Ana amaiwala msanga."

"Nanga kambale kanu kali pati?"

"Ine ndimaphunzitsa, sindidinda," anatero, akupukutira dzanja m'buluku.

Ndiye ndinakwera minibasi mpaka ku yunivesite. Mlonda anandiyang'ana mapazi, ine ndinamuyang'ana kumaso, anatsegula. Khonde lalitali, fungo ngati la kuchipatala, chitseko chili ndi chizindikiro chachikasu. Anatuluka mayi wamagalasi, wa timbale uja, akuvula magolovesi. Ndinamufotokozera zonse nditaimirira.

"Analemba mayina?" anafunsa. "Kuno sitilemba dzina la munthu pa kambale. Ngakhale wodwala timam'patsa nambala."

Analowa, n'kubwera ndi kambale kotentherako, kongochoka m'kabati momwe amameretsa tizilomboto. Kanali kodzaza kuposa ka mwana wanga.

"Chala changa ichi, ndinadinda dzana nditangotsika minibasi. Aliyense ali nato, mayi. Tambiri n'tabwinobwino, tina timatiteteza kumene. Ta chifuwa chachikulu sitimera m'kambale kotere, ndipo sitiyenda m'zala. Timayenda mu mpweya. Mwanayo anapimidwa bambo ake atadwala?"

"Tonse tinapimidwa. Tilibe."

"Ndiye mukamuuze kuti sanaphe munthu."

Ndinakamuuza. Anandimvetsera akuyang'ana pansi, manja ataabisa m'khwapa.

"Amangokutonthozani amenewo. Nanga pawindo pali dzina la ndani?"

Mawu anga sangapose windo limene ana amaliona m'mawa uliwonse. Ndipo mukangochotsapo kambaleko mwakachetechete, dzina la Nachuku litsala. Ana ndimawadziwa, ndabereka.

Ndinabwerera kwa mayi wamagalasi uja. Atamva chimene ndikufuna anaseka pang'ono, n'kundipatsa timbale tiwiri tatsopano, tosadindamo. Anati tikhale pozizira, tikamera tisatsegulidwe, ndipo tibwezedwe kuti akatiotche. Panopa tili m'firiji ya aneba, pafupi ndi mkaka. Anebawo akundifunsa tsiku lililonse kuti zinthu zanu zija muchotsa liti.

Chimene ndikufuna ndi ichi. Lolemba pa asembule, ana onse akuona, aphunzitsi a sayansi adinde chala m'kambale kamodzi, osasamba, mmene afikiramo. Kachiwiriko n'kanu, a hedi, poti kalasi imeneyo mumadutsa pawindo pake ndipo simunaone cholakwika. Mulembepo mayina anu ndi cholembera chakuda chomwe chija. Tikamera, mutiike pawindo lomwelo, pambali pa ka mwana wanga, ka iyeyo kakhale pakati.

Sindikufuna pepani. Pepani sapoletsa chilonda. Sindikufunanso kuti wina achotsedwe ntchito. Ndikufuna mwana wanga aone ndi maso ake kuti chala cha munthu wovala tayi chimamera zomwezo, mwina adzanyamulanso mng'ono wake, mwina adzadya nafe.

Mayi wa ku labu akuti timbaleti sitikhalitsa. Mwana wanganso akuonda. Mudinda kapena simudinda? Ndiyankheni.