Sola ya Ndaziona

1.
Awa salipira. Wamsonkho wa pachipata cha m'malire ananena osacheuka n'komwe, mathiraki a kampani yakunja ya magetsi akudutsa, masola ali tho. Boma linawakhululukira msonkho, mayi, akubweretsa chitukuko. Yanuyo tsitsani apa.

2.
Imodzi. Ya Nankhoma inali imodzi, yokulunga m'chitenje, kumbuyo atakanda N ndi msomali.

3.
Za mwana wake Ndaziona:
matenda a shuga
jakisoni m'mawa ndi madzulo
mankhwala osafuna kutentha
mphika wa mchenga wonyowa kunsi kwa bedi
Okutobala.
Kafiriji kakale achimwene anapereka. Magetsi ndiye kumudzi kulibe.

4.
Bwana ndapota nanu ndalama yonse yathera pogula, si ya geni iyi, ndi ya mwana, mwana wanga bwana, taonani botolo lake ili, anagwada Nankhoma pa simenti yotentha anthu akumulambalala ndi zikwama zawo, ndipo manyazi anamugwira, mayi wamkulu ngati iyeyo, koma wamsonkhoyo anali atayamba kale kukupizira thiraki ina

5.
Dalaivala wina wa mathiraki a kampaniwo, a Mofati, anamumvera chisoni. Lowetsani kumbuyoku pakati pa zinzake, mayi. Awa salipira, sasechedwanso. Mukandidikire pamtengo wa mango tsidyalo.

6.
Anadikira. Mathiraki anabwera mondondozana, galimoto ya apolisi patsogolo, ina pambuyo. A Mofati anangotukula dzanja pazenera, nkhope ili yakugwa. Ayi ndithu, ngakhale kuchepetsa liwiro.

7.
Amayi, sola ija?
Ikubwera.
Mankhwalawa achita mibulu, amayi.
Ikubwera, ndati.

8.
Masiku ano Nankhoma ali pa ganyu mkati mwa mpanda wa kampani, kupukuta fumbi pa masola. Akapukuta kutsogolo amasuzumira kumbuyo. N palibe. Ina. N palibe. Mantha amamudya, koma sasochera m'mizeremo: apa panali chulu, apo nandolo, apo ndi pamene Ndaziona anaphunzirira kuyenda. Munda unali wake uwu, ndipo chipukutamisozi chake n'chimene chinagula sola ija.

Mayi, mwataya chiyani kumbuyoko, akufunsa kapitawo.
Palibe, bwana.

Mawaya akudutsa pamwamba pa denga la Nankhoma kupita kutauni. Madzulo ano Ndaziona abaya mankhwala omwewo, a mibulu.