Laputopu Yosadziwa Chaka

"Laputopu iyi isadzalawe intaneti, mwamva? Ngakhale kamodzi. Ikadzangolawa, musadzandiimbire."

Anatero a Col, makaniko wa ku Cloncurry, tsiku lomwe ankawaikira pulogalamu yofufuzira matenda a galimoto. Brodie anangoseka n'kuwasisita paphewa. Mkazi wake Tahlia anamva ndithu, koma nthawi imeneyo mimba inali ya miyezi iwiri, ndipo fungo la dizilo linkamudzutsira mseru. Atabwerera kufamu, laputopu ija inakakhala pamwamba pa firiji n'kumadya fumbi.

Mu Novembala kompyuta ya sukulu ya Indi, mwana wawo woyamba, inafa. Aphunzitsi ake anali makilomita mazana atatu kutali, ndipo kalasi inkayamba 9 koloko pa intaneti, kaya kompyuta yafa kaya ili moyo. Tahlia anatsitsa ya pafiriji ija, kuipukuta ndi kansalu ka mbale, n'kuilumikiza. Palibe chinaphulika. Basi anaiwala.

Tsopano mimba inali itakwana masabata 36, nthawi imene anamwino amafuna mayi aliyense wakutchire akhale ali m'tauni kudikirira. Chikwama chinali kale pakhomo. Koma dzulo lake galimoto inayatsa kanyale kachikasu n'kuyamba kukana liwiro. Uponde bwanji, inkangokwawa ngati ng'ombe yodwala. Yoteroyo ikanatitimira mumchenga wa mtsinje wa Wirra, ndipo njira ina yakutauni kunalibe.

Chakumadzulo wailesi yolankhulirana ya m'khichini inakhosomola. Anali mayi Pam, a famu yakumtunda kwa mtsinje.

"Tahlia, ulipo? Kuno yagwa mamilimita 90 chiyambire masana, ndipo sikuoneka kuti ikata. Madziwa akupezani mawa dzuwa lili paliwombo. Ukadali komweko ndi chimimba chakocho? Ukufuna Brodie akubereketse ndi chingwe ngati ng'ombe?"

Tahlia anayesa kuseka. Wirra akadzaza amatha mwezi ndi theka asanaphwe. Bwalo la ndege la pafamupo limasanduka phala, ndege ya madokotala osatera. Indi anabadwa ndi mpeni, pa opaleshoni. Zonsezi anaziwerengera m'mutu ali chiimire, supuni ili m'manja.

Anapita kushedi. Brodie anali atagwada pakhomo la galimoto, chingwe cha laputopu atachilowetsa kunsi kwa chiwongolero, laputopu ili pampando. Thukuta linali litamunyowetsa msana wonse.

"Yatheka?"

"Ikukana kutseguka. Akuti nthawi yake inatha."

"Nthawi ya chiyani?"

"Ndidziwa bwanji ine? Ndimaweta ng'ombe, sindiweta makompyuta."

"Waimbira a Col?"

"Kanayi. Mkazi wawo akuti ali kunyanja ku Karumba, akuwedza. Mdala ameneyo akaona nsomba amaiwala ndi dzina lake lomwe." Anazimitsa, kuyatsanso, kuzula chingwe, kuchipemerera, kuchibwezera. Kabokosi kofiira ka uthenga womwewo kanabweranso pa laputopu. "Chinthuchi chinkagwira bwinobwino. Alipo anachigwiragwira?"

Tahlia anayang'ana kunja. Kumpoto thambo linali bii, mphezi zikung'anima mosamveka.

"Ndine. Indi ankaphunzirirapo."

"Pa intaneti?"

"Nanga sukulu yake ili pati, m'khola?"

"Tahlia! Si paja a Col ananena..."

"Ananena uli pomwepo, iwe n'kumaseka. Ndipo mpira wa Lachisanu lija unaonera pa chiyani? Pa mbaula?"

Mwana wa m'mimba anagunda m'nthiti, Tahlia n'kutsamira chitseko cha galimoto. Maso ake anagwera pakona ya laputopu, pamene pamalembedwa tsiku. Disembala 9. Masiku ano ankaliyang'ana tsikulo kambirimbiri, kuchotsera, kuwerengera. Ndipo linali lolondola.

N'chimene chinamudabwitsa. M'mawa uja ankaipukuta fumbi, pakonapo panali 2015. Anaziona bwino, chifukwa anadziuza kuti chaka chimenecho iye anali asanamalize n'komwe sekondale. Ankaganiza kuti ndi ukalamba wa laputopu.

"Tasuntha," anatero.

"Ukufuna uwonongenso china?"

"Tasuntha, iwe. A Col sanaiwale kukonza tsiku. Anachita dala. Pulogalamuyi ndi yakalekale, imagwira ikamaganiza kuti tikadali m'chaka chake. Intaneti ndi imene yaiuza zoona."

Kugwada sakanatha, choncho Brodie anamunyamulira laputopu ngati thireyi. Tahlia anasintha chaka. 2015. Asanadine n'komwe pulogalamu, manambala anadumpha okha kubwerera pa lero.

"Mayo ine."

"Yakana?"

"Ikumvabe intaneti ya m'nyumba. Indi!" anakuwa. "Kazule waya wa kabokosi kothwanima kaja!"

"Koma ndikuonera katuni, amayi!"

"Zula!"

Anasinthanso. Ulendo uno 2015 inakhala. Anadina. Laputopu inalira ngati ikuganiza, kwa nthawi yaitali. Kenako kanyale ka pachingwe kanathwanima kobiriwira, mizere n'kuyamba kutsika.

Vuto linali limodzi lokha: kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini.

"Fumbi basi!" Brodie anamenya denga la galimoto. "Fumbi lenileni! Ndinakwatira makaniko ine osadziwa."

Anakamasula, kukapopera mankhwala, kukabwezera. Tahlia anafufuta vutolo pa laputopu, kanyale kachikasu n'kuzima. Brodie anathamangitsa galimoto mpaka pageti n'kubwerera, fumbi lofiira lili kobo kumbuyo, agalu akuuwa.

"Yachira," anatero akutsika. "Ndiye mawa ndiyamba ndakusa ng'ombe za kudambo zija, ndizikweze kumtunda. Tikamwa tiyi wa 10 koloko, tinyamuka."

"Mayi Pam akuti masana."

"Mayi Pam amakokomeza. Chaka chatha anati masana, madzi anabwera Lachinayi."

"Nanga kanyale kakayakanso panjira? Tidzaima, tidzamasula, tidzapukuta. Ola lapita. Tikafika pa Wirra n'kupeza thovu?"

"Ng'ombe mazana awiri, Tahlia."

M'munsi mwa khoma la shedi nyerere zinali pamzere, zitasenza mazira awo oyera, zikukwera. Mphepo inabwera ndi fungo la dothi lonyowa. Tahlia anatseka laputopu, kukulunga chingwe bwinobwino, n'kulowa nazo m'nyumba. Anatsegula chikwama chija naziika pamwamba pa matewera.

Brodie anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Ng'ombe uzikweze, sindikukuletsa," anatero Tahlia akukoka zipi. "Ine ndi Indi tinyamuka 4 koloko, kusanache. Mpando ndiubweza m'mbuyo, mimbayi ikwana. Ukafuna kutiperekeza, makiyi ali m'thumba mwangamu."