Dzimbiri M'bafa la Amalume

Tsiku lomaliza kuwaona abambo ake ali moyo, mnyamatayo anawapeza atagwada m'bafa la amalume ake akuyala miyala. Inali miyala yeniyeni, yotuwira, yochekedwa ngati matailosi, imene amalumewo anachita kuitanitsa kutali kuti alendo akalowa azigwira pakamwa. Abambo ankatsokomola, mpeni womangira ukunjenjemera m'manja mwawo.

"Pita, ingakusiye basi," anatero osatembenuka.

Anapitadi ku koleji. Ulendo wotsatira wobwera kumudzi unali wa kumaliro, ndipo ku koleji sanabwererenso. Anangotola chikwama cha zida za malemu n'kuyamba kuyenda nacho.

Tsopano amalume omwewo, amene kuchipatala sanapondeko koma pamaliro analankhula mpaka anthu kuwodzera, anamuitanitsa.

"Bwera, Profesa, udzaone luso la bambo ako." Analoza ndi chala chakuphazi, mimba ili patsogolo ngati ikuwatsogolera njira. Pakona ya bafa lija, pamwala wapansi, panali banga lofiirira. "Alamu anga aja ankagwira ntchito botolo lili m'thumba. Ndauza kale abale onse."

Abambo ake sanalaweko mowa moyo wawo wonse. Mnyamatayo anagwada pomwe paja anagwada iwo.

Mwala sunama, ankatero malemu. Zoyera pamwala ndi sopo kapena mchere wa m'madzi. Zakuda ndi ndere. Kufiira ndi chitsulo. Mozungulira bangalo mwala unali utachita mbuu, wokhakhala.

"Mwathirapo viniga, amalume?"

"Botolo lathunthu! Ndi mandimu omwe."

"Eya, mwaudyetsa bwino. Wakhuta."

Anakanda soda ndi madzi, namata phalalo pabanga, n'kuphimba ndi pepala lapulasitiki kuti likoke dzimbiri. Atabwera kudzapala, banga linali litazilala. Sabata isanathe amalume anaimba foni mokondwa ngati awina mpikisano: labwereranso.

Mnyamatayo anabwerera kwa amalume. Banga lobwerera silichokera pamwamba. Chinalipo pansi pa mwalawo.

Anatseka chitseko cha bafa, natenga tchizulo ndi hamala. Mwala unasweka pakati. Pansi pake, mu simenti youma, munagona msomali wodyeka ndi dzimbiri, ndipo pambali pake panali manambala okandidwa.

Chinali chizolowezi cha abambo ake. Asanaike mwala womaliza, ankalemba tsiku pa simenti yaiwisi ndi msomali, kenako msomaliwo n'kuubwezera kukhutu ngati pensulo. Sankauiwala. Koma manambala awa anali okhotakhota, ngati olemba mwana wa sitandade wani. Munthu anali atatheratu, akukwawa m'bafa la mlamu wake kuti amalize ntchito, mwana wake ali pa basi kukaphunzira zinthu zimene sanazimalize n'komwe.

Anauzula msomali uja n'kuuponya m'thumba la malaya.

"Wapeza chiyani, Profesa?" Amalume anasuzumira, akutokosa m'mano.

Pashelefu panali chitini cha thovu lometera ndevu, kunsi kwake kofiira. Anachinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Ichi mumachisiya pansi mukamameta?"

"Nthawi zina. Nanga n'chiyani?"

"Ndiye botolo la abambo lija ndi limeneli. Dzimbiri lake lalowa mpaka mkati." Bodzalo linatuluka losalala, osapunthwa. "Abale munawauza aja, muwaimbirenso. Kapena ndiwaimbire ndine? Ndiwauzanso za viniga."

Amalume anachiyang'ana chitinicho ngati chawatukwana. "Iwe, zapabanja sitimachita kulengeza. Ndiwauza ndekha." Anatuluka atachifumbata kumbuyo, masilipasi akulira pakhonde.

Kugalaja kunali miyala yotsala. Anasankha umodzi, nagoba simenti yakale mozungulira, koma pamene panali manambala sanakhudzepo. Anapukuta fumbi ndi chala chachikulu, nawerenga kamodzi asanaphimbe.

Pa 9 Ogasiti 2022.