Mazira Atatu Kuseri kwa Golo

Lachinayi pa 11 Seputembala, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa, thirakitala yotchetcha udzu inaponda mazira awiri mwa atatu amene anali kuseri kwa golo pabwalo la mpira la sukulu.

Wosamalira bwalolo, amene ana asukulu anawatcha a Njereza chifukwa cha mizere yoyera imene amalemba pansi, anali atawerenga masiku. Dzira loyamba analiona pa 16 Ogasiti, m'kadzenje kosaya, lamathothomathotho ngati mwala. Mwini wake anali mbalame ya miyendo yaitali yofiira, ya mtundu uja sumanga chisa mumtengo. Chaka chatha inafungatira masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Ulendo uno kunatsala masiku owerengeka. A Njereza anali atakhoma zichiri zinayi kuzungulira malowo ndi kumangapo chingwe.

Atafika akuthamanga kuchokera kumpopi, anapeza thirakitala itaima, ndipo woyendetsa, amene anali mlamu wawo, akukanda m'mutu.

"Alamu, maso anuwa ndi okongoletsa nkhope basi? Chingwe simunachione?"

"Chingwe chake chiti? Onani nokha, palibe kanthu apa."

Zoonadi, panali mabowo anayi okha.

"Ine ndimati ndikuchita bwino," anapitiriza mlamuyo. "Mbalame yanuyo inali kutsogolo kwanga, ikukwekwereza phiko pansi, ikugwa, ikudzuka. Ndinamva chisoni. Ndinati ndisaiponde yothyoka kale, ndiye ndinakhotera kumanja."

A Njereza anagwira m'chiuno. Phikolo linali labwinobwino. Anali ataiona mbalameyo ikuchita zomwezo kwa agalu kambirimbiri: imadzionetsa ngati yovulala, galu n'kuitsatira dovu lili chuchuchu, ndipo akafika kutali ndi mazira, iyo imangoti phururu, ulendo. Inkafuna kuti thirakitala iitsatire kumanzere. Koma chiwongolero chinali m'manja mwa munthu wachifundo.

"Galu amaithamangitsa, inu mwaizemba. Bola akanayendetsa galu!"

"Musanditukwane, alamu. Funsani amene anazula zichiri zanuzo."

Zichirizo anazipeza m'chipinda chosungiramo mipira, zitatsamira kuseri kwa chitseko, chingwe chitakulungidwa bwinobwino. Mphunzitsi wa masewera anali pomwepo, akupopa mpira.

"Aphunzitsi, izi zafika bwanji muno?"

"Ndinachotsa dzulo. Loweruka kubwera sukulu zitatu. Mukufuna mwana wa eni apunthwe pachingwe chifukwa cha kambalame?"

"Ndinakuuzani pa 18 Ogasiti, pakhomo pomwe pano. Ndinabwerezanso Lolemba. Munati chiyani?"

"Ndinati ndamva."

"Kumva kwake n'kumeneku? Bwalo lonseli ndi lanu, kuchokera kumsewu mpaka kumpanda. Iyo inangotenga malo ochepa ngati chipewa changachi. Chingwe chinali mapazi khumi ndi awiri kuseri kwa mzere. Ndi mwana uti amasewera mpira kumeneko?"

"Mbalame ili ndi mapiko, bambo. Ikaikire kwina."

"Nanga dzira lili ndi mapiko?"

Mphunzitsiyo anangowerama n'kupitiriza kupopa. A Njereza ananyamula zichiri zawo osapempha chilolezo.

Anazikhomanso m'mabowo omwe aja, mlamu wawo akugwirira chingwe. Kenako anagwada. M'zigoba ziwiri zophwanyikazo munali tiana taubweya wonyowa, milomo ndi zikhadabo zitakwanira kale. Anatikwirira m'mbali mwa mpanda.

Dzira lachitatu linali likadali lofunda. Kumbali yake yaikulu kunali kamng'alu kakang'ono ngati kanyenyezi. Analiyang'anitsitsa nthawi yaitali, koma sanathe kudziwa ngati ndi tayala linachita zimenezo kapena kamlomo kakugogoda m'kati.

Mbalame ija inaima pakati pabwalo, khosi lili njo, ikulira mosalekeza. Anthu awiriwo anakankha thirakitala osailiza mpaka kuseri kwa makalasi, n'kukhala pansi pomwe ankatha kuona.

Belu la 12 koloko linalira. Mbalameyo inali itayandikira mpaka pamzere woyera, koma inali isanalowe m'kati mwa chingwe.