Mphunzitsi Wamtali ndi Njinga Zofiira

"Tseka chinthu chimenecho," anatero amalume a Gadi osatembenuka n'komwe. Anali atagwada pamphasa pabalaza, akuyala zovala za malemu mlamu wawo Sitefano kuti abale agawane: majekete, ovololo yakale ya kufakitale ya zitsulo, ndi chipewa chakuda chosuluka ndi dzuwa la ku Torwood. "Bambo ako tangowaika kumene, iwe uli pa kompyuta. Hauna nyadzi here? Ulibe manyazi?"

Thandeka anatseka laputopu, koma mtima unatsalira momwemo. Uthenga wa aphunzitsi ake a ku Gweru unali utafika m'mawa, waulemu ndithu, woyamba ndi chipepeso. Pansi pake mpamene panali minga. Akapanda kupeza wolankhula Chichewa woti atsimikize ziganizo zotsala lisanafike Lachisanu, gawo la Chichewa lichotsedwa, ntchitoyo ipite ndi Chishona ndi Chindebele basi.

Ntchito yake inali yophunzitsa kompyuta malamulo a zinenero. Unkaipatsa ganizo limodzi, iyo n'kulitulutsa m'zinenero zonse, chilichonse ndi kayalidwe kake ka mawu. Anzake anagawana Chishona ndi Chindebele, ndipo iye, mwamatama, anati Chichewa ndi chake. Matama okhaokha! Thandeka anabadwira ku Torwood, ankalota m'Chishona, ndipo Chichewa chake chinali cha kutchalitchi ndi cha pokalipiridwa. Kompyuta nayo ilibe manyazi, imalavula chilichonse chimene malamulo alola. Pankafunika khutu la munthu, ndipo khutulo linali bambo ake.

Ankawatumizira ziganizo pafoni. Yankho linali limodzimodzi nthawi zonse: "Ndikuyankha mawa, mwanangu." Mawa lake ankayankhadi. Ichi chili bwino, ichi ayi, anthu angakuseke. Kuchedwako kunkamunyong'onya Thandeka, mpaka tsiku lina anawafunsa ngati ziganizozo amayamba akazipempherera. Iwo anangoseka. Zomaliza zimene anatumiza sizinayankhidwe.

Anali atayesa kale kwina. Amayi a mvano amene ankaphika pamaliro anamvetsera mwachifundo, n'kuvomera chilichonse, ngakhale zimene iye anazipotoza dala kuti awayese.

"Zvakanaka, mwanangu, zonse zili bwino," ankatero, akumusisita pamsana.

Anatsala ndi amayi ake, a Enala, amene anakulira pafamu ya ku Connemara pakati pa anthu a ku Ntcheu, ndipo Chichewa chawo sichinasungunuke. Koma chibwerere kuchipatala cha ku Kwekwe sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Anangokhala kuchipinda atayang'ana khoma, phala likuzizira pambali. Ndipo mawa lake amalume a Gadi ankawatenga kupita nawo kufamu.

"Amalume, asiyeni mpaka Loweruka, chonde," anatero Thandeka.

"Kuti uwavutitse ndi kompyuta yakoyo? Mlongo wanga sakudya, sakulankhula. Pano afa tikuona." Anatola chipewa chija, chimene aliyense anachilumpha, n'kumuponyera pamiyendo. "Tenga ichi. Zachizungu zakozo zidikire."

Thandeka anatuluka ndi chipewa ndi laputopu n'kukakhala kuseri kwa nyumba, pamthunzi, pansi pa zenera la kuchipinda. Analibenso nzeru ina. Anayamba kuwerenga ziganizo mokweza, kuyambira zakale zimene bambo ake anazivomera, poganiza kuti mwina khutu lake ligwirapo kanthu. Silinagwire kanthu. Zonse zinkangomveka zofanana, ndipo misozi inayamba kudonthera pamabatani.

"Mphunzitsi wamtali sadzagula njinga zofiira," anawerenga.

"Wati chiyani?"

Thandeka anadzuka ngati waponda moto. Katani inali itakankhidwira pambali, ndipo amayi ake anali pazenera, maso ofiira, duku litapendekeka.

"Bwereza," anatero a Enala. Mawu awo anali osasa ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsekulidwa.

Anabwereza.

"Mawu amenewo wawatenga kuti?"

"Ndi a kompyuta, amayi. Ndi aja ndinkatumizira ababa."

"Lowa."

Kuchipinda kunkanunkhabe mafuta opaka a bambo ake. A Enala anamukhazika pamphasa, namuuza kuti awerenge zina. Agalu anga onse akufuna mpando. Kodi mlendo amene anaona nkhuku wagona? Chiganizo chilichonse chinkawagwedeza ngati akumenyedwa.

"Ambuye wanga," anatero potsiriza. "Ndiye mutu wawo unali bwinobwino?"

"Mutu wa ndani?"

"Wa bambo ako! Amati akachoka kumsika, kufika pakhomo apo, kuvula chipewa, n'kundiuza kuti agalu awo onse akufuna mpando. Ife tili ndi galu? Tsiku lina mphunzitsi, tsiku lina njinga. Ine ndimati basi, ukalamba walowa m'mutu. Ndinabisa, mwanangu. Sindinauze iwe, sindinauze achimwene, kuopa kuti anthu aziwaloza pamsewu. Atagwa tsiku lija ndinati ndawapha ndine, ndikanawatengera kuchipatala kalekale."

Analira tsopano, kulira kwenikweni kumene sanalire kumanda. Amalume a Gadi anafika pakhomo la chipinda, jekete lili m'manja, n'kungoima kukamwa kuli yasa.

"Nanga inu munkawayankha chiyani?" anafunsa Thandeka.

"Zina ndimangoti, chabwino, asagule njingazo. Koma zina zimatuluka zopindika, zosamveka ngati za munthu, ndiye ndimawakalipira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Iwo n'kumaseka, n'kutenga foni. Ine kumati ndi misala yomweyo."

Thandeka anamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Bambo ake nawonso anakulira m'tauni, Chichewa chawo chinali chosakanikirana ndi Chishona ndi Chilapalapa cha kuntchito, ndipo ankadziwa zimenezo. Koma sanafune kuuza mwana wawo kuti sangathe. "Mawa" uja anali ulendo wochoka pafoni kukafika pakhomo pa mkazi wawo.

"Amayi, zatsala zambiri, ndipo Lachisanu achichotsa Chichewa chonse. Ndiwerenge, muzindiuza?"

"Ukandifunsa choncho ndikuuza kuti zonse zili bwino. Ndiwe mwana wanga, ndingakukhumudwitse bwanji? Bambo ako amandidziwa, n'chifukwa chake sanandifunsepo." Anakonza duku lawo. "Tuluka panja. Ulowe ngati ukuchokera kumsika, undipeze ndikuchita zanga."

"Achemwali, kombi yotitengera kufamu ndi ya mawa m'mawa," anatero amalume a Gadi, koma mawu awo anali atafewa.

"Ipite, achimwene. Ine ndili ndi ntchito."

A Enala anadzuka movutikira, atagwira khoma, n'kupita kukhitchini. Anatenga lichero la nyemba limene amayi a mvano anasiya, nakhala pampando wawo wa masiku onse, msana atalozetsa kukhomo.

Thandeka anaona chiganizo choyamba mwa zija zosayankhidwa, nachisunga pamtima. Anavala chipewa cha bambo ake, chimene chinamufika m'makutu, n'kuzungulira nyumba mpaka kugeti. Anakankha chitseko, anavula chipewa pakhomo monga ankachitira mwini wake, ndipo ananena chiganizocho mokweza.

Manja a amayi ake anaima m'lichero.

"Aaa, inu abambo a Thandeka," anatero osacheuka, "anthu angakusekenitu."

Mawuwo atangotuluka, anadzigwira pakamwa ndi chitenje. Mapewa awo anagwedezeka kwa kanthawi, kenaka anatola nyemba imodzi yofumbwa n'kuiponya pansi.

"Chimenecho n'chopindika," anatero. "Tulukanso."