Kapu ya Mayi Estela

Alendo a ku bungwe anafika ku Thambani dzuwa lili paliwombo, chonsecho uthenga unati afika mmawa. Mayi Estela, wapampando wa gulu la anthu amene anachira khate, anali atawaphikira thobwa lamapira.

Mkulu wa alendowo, bambo Melvin, analonjera gulu ali chiimire, manja ali m'thumba. Mbuzi zimene gululo likuweta anangoziyang'anira patali, koma foni yawo yojambulira inkangolunjika pa zala zoduka za mayi Estela.

Mayiwo anaugwira mtima. Anatunga thobwa n'kulawa kaye, monga amachitira aliyense popatsa mlendo chakumwa kuti amwe mtima uli m'malo. Kenako anapereka kapuyo ndi manja awiri.

Bambo Melvin anayang'anitsitsa pa kapuyo pamene panakhudza milomo ya mayiwo. "Zikomo mayi, tayenda ndi madzi athu. Koma igwireni choncho kapuyo, zala zioneke bwino."

"Mwati zioneke?"

"Eya, otithandiza amafuna kuona."

Mayi Estela anakhuthulira thobwa lonse pansi, ndipo linathovukira pa nsapato zonyezimira za mlendoyo.

"Mankhwala ndinamaliza inu musanamere ndevu," anatero mwaukali. "Si inu nomwe mumayenda m'misonkhano kuuza anthu kuti wochira sapatsira mnzake, asamatisale? Jambulani matope awa mukawaonetse otithandizawo. Zala zanga mukudyerapo chaka ndi chaka, koma kapu yanga ikukunyansani."