Malire a Mopu

"Mayi, kodi mwasintha malaya okha, kapena ndi mtima womwe?" anafunsa akalipentala ali chigonere, mwendo wawo wothyoka uli m'chikhakha.

Mayi wokolopa m'wodimo sanadzutse mutu. Chaka chatha akalipentala atagonekedwa momwemo, mayiyu ankavala zotuwa za chipatala, ankaimba pokolopa, ankatembenuza odwala ndi kuwamwetsa madzi. Tsopano anali m'malaya obiriwira, dzina la kampani lili kumsana, pakamwa ali duu.

"Safunsa anadya phula," anapitiriza akalipentala. "Chachitika n'chiyani?"

"Chipatala chinatipereka kukampani, bambo," anayankha motsitsa mawu. "Ife zathu ndi pansi pokha. Bedi si lathu, wodwala si wathu. Ukamukhudza, ntchito yatha."

"Nanga mwendo wa bedi ndi wa yani? Si umaponda pansi panupo?"

Mayiyo anaseka pang'ono. "Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Musandiputire mlandu."

Kutsidya kwa kanjira kunagona mkulu wina wofa manja onse. Chiyambire m'mawa ankangoyang'ana kapu ya madzi imene inali pakabati, milomo itauma gwa. Mwana wake womudikirira anali atapita kukachapa, ndipo namwino yekhayo anali kwa wina amene ankabanika.

"Ndiye madzi ali m'kapumo ndi a chipatala kapena a kampani?" anafunsanso akalipentala.

Mayiyo anayang'ana mkuluyo, n'kuyang'ana kukhomo. Anatsamiritsa mopu kukhoma, napukuta manja, natukula mutu wa wodwalayo n'kumumwetsa pang'onopang'ono. Asanabweze kapu, kapitawo wa kampani anali ataima pakhomo. Sanakalipe. Anangomukodola ndi chala.

Kutacha kunabwera mtsikana wina, wa malaya obiriwiranso.

"Anzanu adzulo aja ali kuti?" anafunsa akalipentala.

"Sindiwadziwa, bambo. Amatisintha tisanadziwane."

Akalipentala anagwira chitsulo cha bedi, nadzikoka mpaka maso anafika pawindo. Anamuona mayi uja patali, akusesa poimika magalimoto, dzuwa likumuswa pamutu. Anagonanso.

Namwino atadutsa ndi mankhwala, anamuimitsa.

"Anesi, kukankha bedi ndi ntchito ya yani muno?"

"Bwanji kodi, bambo?"

"Ndisunthireni pafupi ndi akuluwo. Mwendo ndiwo unathyoka, koma manja ndili nawo, ndipo ine sindili pakampani iliyonse."